Monita yatsopano pa Linux: yambirani ku chingwe, Terminal ibwere pomaliza

Mamonita opyapyala sakusowanso mu Mzuzu. Ena akubwera ali m'makatoni awo kuchokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, ena ndi oti anagwirapo kale ntchito m'maofesi a kunja koma akadali olimba. Nawonso makompyuta akale sakutayidwa. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo makina ambiri akalewo sangalandire Windows 11, ndiye mupeza wophunzira wa ku Mzuni kapena mwini kashopu kotayipa ndi kupulinta ku Luwinga ataikamo Ubuntu kapena Linux Mint, yomwe ndi mitundu ya Linux yolowa m'malo mwa Windows, kuti ntchito ipitirire.

Kawirikawiri mukalumikiza monita pa Linux palibe chochita, chithunzi chimangobwera bwinobwino. Malangizo awa ndi a tsiku limene sizinatero: nkhope za anthu zaphwatalala, zilembo zachita chimbuuzi, kapena sikirini yangoti bii n'kulemba No Signal.

Musanayambe kuinena Linux, dziwani ichi. M'monita iliyonse muli kauthenga kotchedwa EDID, komwe kamanena dzina la monitayo, kukula kwake ndi zithunzi zimene ingathe kuonetsa. Kauthengaka kamadutsa m'chingwe chomwecho cha chithunzi kupita ku kompyuta. Kakafika, Linux imasankha yokha zoyenera. Kakapanda kufika, Linux imachita ngati telala amene simunamupatse muyezo: imangosoka zoti aliyense angavale, ndipo pa kompyuta zimenezo ndi 1024x768. Ntchito yathu yaikulu ndi kupeza pamene uthengawo ukuthera.

Choyamba: dziwani nambala yeniyeni ya monita yanu

Monita yopyapyala ili ndi timadontho towala towerengeka, ma pixel, ndipo chiwerengero chake sichisintha. Ya 1920x1080 ili ndi timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika. Mukaitumizira chithunzi cha nambala ina, imachita kuchikoka kuti chidzaze sikirini, ndipo chimbuuzi chija chimachokera pamenepo. Mamonita akale aja a linunda kumbuyo ankalandira manambala osiyanasiyana osadandaula. Awa ayi, amafuna nambala yawo imodzi basi.

Mainchesi asakunamizeni. Monita ya mainchesi 19 ikhoza kukhala 1366x768, 1440x900 kapena 1280x1024. Ya mainchesi 22 ikhoza kukhala 1680x1050 kapena 1920x1080, ndipo ya 24 ikhoza kukhala 1920x1080 kapena 1920x1200. Tembenuzani monitayo, werengani nambala ya model pa kapepala kakumbuyo, muifufuze pa intaneti, mulembe penapake resolution yake, ndiye kuti chiwerengero cha timadontho chija. Nambala imeneyi muzibwerera nayo mpaka kumapeto.

Ngati simunapereke ndalama, pitani ku shopu ndi laputopu yanu. Onetsani chithunzi choyera chokhachokha chodzaza sikirini yonse, kenako chakuda, kenako chofiira. Kadontho kakufa kapena kowala kokha kamaonekera pompo, ndipo palibe lamulo la mu Terminal, pulogalamu yolemberamo malamulo pa Linux, limene lingakakonze. Wogulitsa akakana kuti muyese, pitani shopu ina.

Chachiwiri: chingwe

Apa ndi pamene mavuto ambiri amagona, ndiye tichedwepo.

Yang'anani kumbuyo kwa kompyuta ndi kwa monita. VGA ndi ija ya buluu, ya timano 15 m'mizere itatu. DVI ndi yoyera, yotakata. HDMI mukuidziwa ya pa TV. DisplayPort imafanana ndi HDMI koma ngodya yake imodzi yokha ndi imene ili yodulidwa. Ngati mbali zonse ziwiri zili ndi HDMI, DisplayPort kapena DVI, tengani imeneyo, VGA muisiye. VGA imatumiza chithunzi cha analog, monita n'kumachita kuchimasuliranso kuti chigwirizane ndi timadontho take, ndipo chingwe chikatalika kapena chikakhala chopyapyala mumayamba kuona mthunzi pambali pa zilembo.

Vuto lina la VGA ndi lobisika. EDID imadutsa pa timano tiwiri, ta nambala 12 ndi 15. Zingwe zina zotsika mtengo zilibe mawaya a timanoti n'komwe, ndipo pa zingwe zakale kadzino kamapindika kapena kuthyoka. Chithunzi chimabwerabe, chifukwa mawaya a mitundu ali bwino, koma kompyuta siidziwa monita imene ikulankhula nayo. Munthu amaona chithunzi n'kunena kuti chingwe chilibe mlandu, kenako n'kutha bandulo akukopera ma driver, mapulogalamu oyendetsa zida za kompyuta, amene sanali ofunika. Zulani chingwecho, yang'anani timano pa dzuwa, ndipo ngati mnzanu ali ndi china, bwerekani muyese. Kuyesa kumeneku sikutenga mphindi zisanu.

Makompyuta ambiri a Dell OptiPlex ndi HP ochokera m'maofesi alibe HDMI, ali ndi DisplayPort ndi VGA basi. Monita yanu ikakhala ya HDMI, chingwe cha DisplayPort kupita ku HDMI chithandiza. Koma chenjerani, chingwe chimenechi chimayenda mbali imodzi: DisplayPort ku kompyuta, HDMI ku monita. Mukachitembenuza, kuti HDMI ikhale ku laputopu ndipo DisplayPort ku monita, simuona kanthu, ndipo si kuti chawonongeka. Mbali imeneyo imafuna adaputa ina yokhala ndi zamagetsi mkati.

Chimodzimodzi laputopu ya HDMI ndi monita ya VGA: pamafunika kabokosi kosintha chithunzi, osati chingwe wamba chokhala ndi mitu iwiri yosiyana. Timabokosi tina sitipereka EDID ya monita yanu, timapereka yawo yomwe tinapangidwa nayo, ndiye resolution yolondola imasowa pa mndandanda. Malaputopu a USB-C nawonso si onse amatulutsa chithunzi pa bowo limenelo. Fufuzani model yanu musanagule adaputa.

Kwa amene agula monita ya 4K, ija ya timadontho tochuluka kwambiri: HDMI 1.4 imafika 4K pa 30Hz yokha, ndiye kuti zithunzi 30 pa sekondi. Kuti mupeze 60Hz pamafunika HDMI 2.0 kapena DisplayPort 1.2, ku kompyuta komwe ndi ku monita komwe.

Kanthu komaliza. Ngati kompyuta yanu ili ndi khadi ya zithunzi yoikidwa payokha, lowetsani chingwe pa khadiyo, m'munsi, osati pa mabowo a pamwamba oyandikana ndi a USB.

Chachitatu: magetsi, ndi kuyatsa koyamba

Magetsi athu ndi 230V, 50Hz. Werengani kapepala kakumbuyo kwa monita kapena pa adaputa yake. Kakalembedwa 100-240V palibe nkhawa. Mamonita ena amagwiritsa ntchito adaputa yapadera, ina ya 12V, ina ya 14V, ina ya 19V, ndipo kuti pulagi ikulowa sizitanthauza kuti ndi yake. Monita ikabwera ndi pulagi ya mano awiri obulungira, musaikakamize mu soketi potokosa ndi bolopeni. Gulani chingwe cha mano atatu chokhala ndi fyuzi, chonga cha ketulo chija.

Ikani surge protector, kachipangizo koteteza zida magetsi akakwera mwadzidzidzi, kapena UPS, bokosi la batire losunga magetsi, ngati thumba likulola. Mvula ya kuno imabwera ndi ziphaliwali, ndipo magetsi akabwerera atathima ndi pamene zida zimapsa. Monita ikachokera kunja m'mawa wa June kuli chifunga, isiyeni m'nyumba ola limodzi kapena kuposa, chinyezi chiyambe chauma, musanaiyatse.

Lumikizani zonse, yatsani monita kaye, kenako kompyuta. Ikalemba No Signal, dinani batani la Input kapena Source pa monitayo, musankhe bowo limene mwalowetsako chingwe. Mamonita ena sasankha okha. Pa laputopu dinani Super ndi P, Super kukhala batani lija la chizindikiro cha Windows, kuti musinthe pakati pa sikirini ya laputopu yokha, monita yokha, kapena zonse ziwiri.

Ngati muli pa VGA, chithunzi chikangobwera dinani batani la Auto pa monita, kapena Auto Adjust mu menyu yake. Lidzafunikanso mukasintha resolution. Mizere yoyendayenda pa sikirini ikaoneka, zulani chaja ya laputopu muone ngati isiya. Ikasiya, phokoso likuchokera ku chajayo kapena ku inverter, ndipo HDMI ndi imene ingakupulumutseni.

Chachinayi: Settings

Pa Ubuntu pitani ku Settings, kenako Displays. Pa Linux Mint tsegulani menyu mulembe Display. Musanasinthe kalikonse, yang'anani dzina limene monita yapatsidwa. Ikalembedwa dzina la kampani yake ndi mainchesi, monga Dell kapena Samsung, ndiye kuti EDID yafika. Ikalembedwa Unknown Display, uthenga wathera panjira.

Pa Resolution sankhani nambala ija munalemba. Pa Refresh Rate sankhani yapamwamba imene monita yanu imalola. Zambiri ndi 60Hz, zina 75Hz kapena 100Hz, ndipo Linux nthawi zina imayambira pa 60 ngakhale monita ili yoposa. Musasankhe 50Hz poganiza kuti igwirizane ndi magetsi athu, ziwirizi sizikhudzana. Dinani Apply. Kompyuta ikufunsani ngati mukufuna kusunga zimene mwasinthazo, ndipo mukapanda kuyankha kwa masekondi ochepa imabwerera payokha. Choncho sikirini ikada, manja pansi, dikirani.

Pa laputopu pali msampha umodzi. Mukasankha Mirror, kuti masikirini onse aonetse zofanana, onse awiri amakakamizika kugwiritsa ntchito resolution imodzi. Laputopu ya 1366x768 imakokera monita yanu ya 1920x1080 pansi, inu n'kumadabwa kuti nambala yanu yapita kuti. Sankhani Join, kapena zimitsani sikirini ya laputopu mutsale ndi monita yokha. Pa Join, kokani timabokosi toimira masikiriniwo kuti tikhale monga masikirini akhalira pa tebulo, apo ayi mausi izituluka kumanzere pamene inu mukuikankhira kumanja. Sankhaninso imene ikhale Primary, chifukwa ndi kumene menyu izikhala.

Zikatheka apa, dumphani mupite ku gawo lomaliza. Otsalanu, tsegulani Terminal ndi Ctrl, Alt ndi T.

Chachisanu: fufuzani pamene uthenga ukuthera

Lamulo loyamba likuonetsani mabowo onse a chithunzi ndi amene ali ndi chingwe:

grep . /sys/class/drm/*/status

Muona mizere monga card0-VGA-1, card0-HDMI-A-1 kapena card0-DP-1, ina italembedwa connected, ina disconnected. Pa makina ena ndi card1 m'malo mwa card0, tengani zimene kompyuta yanu yalemba. Tsopano werengani kukula kwa EDID pa bowo lolumikizidwalo, muike dzina lake m'malo mwa card0-VGA-1:

cat /sys/class/drm/card0-VGA-1/edid | wc -c

Yankho likakhala 128 kapena 256, uthenga ukufika. Likakhala 0, sukufika, ndipo ndikukubwezaninso ku chingwe ndi adaputa. Ndikudziwa kuti mwayang'ana kale. Yesani china.

Ngati lamulo loyamba lija silinaonetse mayina a mabowo ngati amenewa, vuto lili ku driver. Lembani:

lspci -k | grep -A 3 VGA

Funani mzere wa Kernel driver in use. Pa Intel muyenera kuona i915, pa AMD amdgpu kapena radeon, pa NVIDIA nouveau kapena nvidia. A Intel ndi AMD amabwera kale mu Linux, palibe chokopera. A NVIDIA ndi amene mungafunike kuika, kudzera ku Driver Manager pa Mint kapena Additional Drivers pa Ubuntu; ndi aakulu ndithu, ndiye chitani pamene muli ndi bandulo yokwanira, ndipo muyatsenso kompyuta mukamaliza.

Mzere wa Kernel driver in use uja ukasowa, onani ichi:

cat /proc/cmdline

Mukapezamo mawu akuti nomodeset, mwamugwira wolakwa. Mawuwa amaletsa driver kugwira ntchito, ndipo nthawi zina amatsalira ngati amene anakuikirani Linux anadzera pa safe graphics kapena anawaika pothana ndi vuto lina. Achotseni motere:

sudo nano /etc/default/grub

Pa mzere umene ukuyamba ndi GRUB_CMDLINE_LINUX_DEFAULT fufutani liwu la nomodeset lokha, zina musakhudze. Sungani ndi Ctrl ndi O, Enter, tulukani ndi Ctrl ndi X, kenako sudo update-grub, n'kuyatsanso kompyuta.

Chachisanu ndi chimodzi: kuiuza Linux nambala ndi manja

Tinene kuti driver ili bwino, chingwe china palibe, kapena EDID ya monitayo inafa yokha, zomwe zimachitika pa mamonita ogwiritsidwa kale ntchito. Mungathe kuipatsa Linux muyezo nokha. Koma njira zake ndi ziwiri, kutengera chimene chikujambula zithunzi pa kompyuta yanu:

echo $XDG_SESSION_TYPE

Yankho likhala x11 kapena wayland. Linux Mint imabwera ndi x11. Ubuntu 22.04 ndi 24.04 pa makina ambiri imayambira pa wayland. Musalumphe funsoli, chifukwa malangizo ambiri amene mungawapeze pa intaneti ndi a x11, ndipo pa wayland malamulo ake sasintha kanthu ngakhale muwalembe molondola.

Tiyambe ndi x11. Lembani xrandr, Enter. Muona dzina la bowo lolumikizidwa, monga VGA-1 kapena HDMI-1, ndi mndandanda wa ma resolution pansi pake. Imene ili ndi kanyenyezi ndi imene ikugwira ntchito. Mayinawa amasiyana: kwina ndi VGA1 popanda kamzere, pa NVIDIA ndi HDMI-0. Koperani dzina lanu monga lilili.

Tsopano pemphani kompyuta ikuwerengereni manambala a resolution yanu:

cvt 1920 1080 60

Itulutsa mzere umene ukuyamba ndi liwu la Modeline. Tengani zonse zotsatira liwu limenelo muzilembe motsatira xrandr --newmode, chonchi:

xrandr --newmode "1920x1080_60.00" 173.00 1920 2048 2248 2576 1080 1083 1088 1120 -hsync +vsync

xrandr --addmode VGA-1 "1920x1080_60.00"

xrandr --output VGA-1 --mode "1920x1080_60.00"

Lamulo loyamba likupanga resolution, lachiwiri likuipereka ku bowo lanu, lachitatu likuiyatsa. Manambala ali pamwambawa ndi a 1920x1080 yokha. Ngati monita yanu ndi ya nambala ina, tengani amene cvt yakupatsani inuyo. Ndipo musaike nambala yoposa ya monita yanu poganiza kuti muona zambiri, ingolemba Out of Range. Lamulo lachitatuli silibwerera lokha ngati Settings, koma palibe chimene chasungidwa, ndiye sikirini ikada ingoyatsaninso kompyuta.

Monita ikakana ngakhale nambala ili yolondola, yesani cvt -r 1920 1080 60. Kachilembo ka r kamachepetsa mipata imene inkafunika pa mamonita a linunda aja, ndipo nambala yoyamba imatsika kuchoka pa 173.00 kufika pa 138.50. Zingwe zofooka ndi maadaputa otsika mtengo nthawi zambiri amakwanitsa imeneyi.

A 1366x768 musadabwe cvt ikakupatsani 1368x768. Imawerengera m'magulu a timadontho 8, ndipo 1366 sigawika ndi 8. Gwiritsani ntchito yomweyo, mudine Auto pa monita.

Chithunzi chikakhala bwino, pakufunika kusunga, apo ayi mawa mudzayambiranso. Njira yosavuta ndi kutsegula nano ~/.xprofile n'kuikamo malamulo atatu aja, lililonse pa mzere wake. Fayiloyi imawerengedwa nthawi iliyonse mukalowa mu akaunti yanu. Koma ngati kompyutayo imagwiritsidwa ntchito ndi anthu angapo, monga mu shopu, ndi bwino kuika pamalo a onse:

sudo mkdir -p /etc/X11/xorg.conf.d

sudo nano /etc/X11/xorg.conf.d/10-monitor.conf

M'katimo lembani:

Section "Monitor"
Identifier "VGA-1"
Modeline "1920x1080_60.00" 173.00 1920 2048 2248 2576 1080 1083 1088 1120 -hsync +vsync
Option "PreferredMode" "1920x1080_60.00"
EndSection

Pa Identifier pakhale dzina la bowo lanu ndendende. Fayilo iyi siikhululuka: kachizindikiro kamodzi kakasowa, kompyuta ikhoza kuyaka osakufikitsani polowera. Zikatero dinani Ctrl, Alt ndi F3, lembani dzina lanu ndi pasiwedi pa sikirini yakudayo, kenako sudo rm /etc/X11/xorg.conf.d/10-monitor.conf ndi sudo reboot. Lembani malamulo awiriwa pa pepala musanayambe, chifukwa nthawi imeneyo simudzakhala ndi powerengera.

Pa wayland nkhani ndi yaifupi. Tsegulaninso /etc/default/grub, ndipo pa mzere uja wa GRUB_CMDLINE_LINUX_DEFAULT onjezerani resolution m'kati mwa zizindikiro zomwezo, kuti pakhale:

GRUB_CMDLINE_LINUX_DEFAULT="quiet splash video=VGA-1:1920x1080@60"

Dzina la bowo pano ndi lija munaliona mu /sys/class/drm mutachotsa card0 ndi kamzere kake, ndiye HDMI imalembedwa HDMI-A-1, osati HDMI-1. Thamangitsani sudo update-grub, yatsaninso, mupite ku Displays mukasankhe resolution yatsopanoyo. Zikakanika, pa Ubuntu 22.04 ndi 24.04 mungathe kutuluka mu akaunti, kudina dzina lanu, kenako kagiya ka pansi kumanja, n'kusankha Ubuntu on Xorg. Mukatero malangizo a xrandr aja agwira.

Chomaliza: zilembo, mitundu, mawu ndi kuwala

Resolution ikalondola, ena amadandaula kuti zilembo zachepa, makamaka achikulire, ndiye amatsitsanso resolution. Musatero, mukubweza chimbuuzi chomwe mwangochotsa. Pa Ubuntu yatsani Large Text mu Accessibility, kapena lembani:

gsettings set org.gnome.desktop.interface text-scaling-factor 1.25

Pa Mint muli Text scaling factor mu Font Selection. Fractional Scaling ya mu Displays imakuza zonse, osati zilembo zokha, koma pa makompyuta akale imalemera ndipo mapulogalamu ena amaoneka osalongosoka. Ine ndimaisungira mamonita a 4K.

Zakuda zikamaoneka zotuwa pa HDMI, makamaka pa Intel, kompyuta yaganiza kuti mwalumikiza TV ndiye ikutumiza mitundu yochepetsedwa. Pa x11 konzani ndi:

xrandr --output HDMI-1 --set "Broadcast RGB" "Full"

Likathandiza, liikeninso mu ~/.xprofile. Ngati mwalumikizadi TV ndipo m'mphepete mwa chithunzi mwadulidwa, menyu ya pamwamba osaoneka, zimenezo zikonzeni ndi limoti, osati mu Linux. Pa kukula kwa chithunzi sankhani Just Scan pa LG kapena Screen Fit pa Samsung.

Mawu akangosowa mutalumikiza, ndiye kuti HDMI kapena DisplayPort yawatenga kupita nawo ku monita imene mwina ilibe sipika. Pitani ku Sound mu Settings, pa Output musankhenso sipika za laputopu kapena mahedifoni. VGA sinyamula mawu konse.

Mamonita ambiri amabwera atawalitsidwa kwambiri kuti akope maso mu shopu. M'nyumba tsitsani Brightness mpaka tsamba loyera pa sikirini lifanane ndi pepala loyera limene lili pa tebulo lanu. Maso apuma, ndipo ngati muli pa sola kapena UPS, batire ikhalitsa. Mabatani a kuwala a pa laputopu kawirikawiri safika ku monita yakunja. Ngati mabatani a monitayo ndi ovuta kapena anafa, ikani ddcutil:

sudo apt install ddcutil

sudo ddcutil detect

sudo ddcutil setvcp 10 40

Nambala 10 ikuimira kuwala, 40 ndi mlingo umene mukufuna, kuyambira 0 mpaka 100. Pulogalamuyi imadutsa pa mawaya omwe aja a EDID, ndiye pa chingwe chosowa timano sigwira, komanso DDC/CI, njira imene kompyuta imalamulira monita, iyenera kukhala yoyatsidwa mu menyu ya monita. Kwa ogwira ntchito usiku, Night Light ya mu Displays pa Ubuntu imachepetsa kuwala kwa buluu dzuwa likalowa. Ingokumbukirani kuizimitsa pokonza zithunzi zoti mukapulinte, chifukwa imafiiritsa mitundu yonse.

Ikani monita pa mtunda wa dzanja lotambasula, m'mphepete mwake mwa pamwamba mulingane ndi maso anu, zenera likhale pambali osati kumbuyo kwanu. Popukuta izimitseni, mutenge kansalu kofewa konyowa pang'ono ndi madzi. Sipiliti ndi mankhwala opukutira mawindo amasupula kakhungu ka pamwamba pa sikirini.